Dzina Lina la Nkhumba

Nkhumba ili ndi maina ambiri, ndipo Che Yusufu ankawadziwa onse kupatula limodzi. Ankawatchula pa zala ngati munthu amene akuwerenga adani ake: nkhumba, kapado, liguluwe m'Chiyao chawo, ingulube kwa Azulu, poko, bekoni, hamu, gamoni. Chingerezi chenicheni sankachitha, koma mukawapatsa paketi ya chakudya, chala chawo chinkayenda pa zilembo pang'onopang'ono mpaka kukaima pamene pabisala mdaniyo. Ine ndinkawaseka.

"Achimwene, inu nkhumba mumaidziwa kuposa ife amene timadya."

"Galu amene umamuopa ndi amene umamudziwa dzina," ankayankha choncho, osaseka n'komwe.

Tonse ndife a kuno ku Zomba. Ine ndine wa ku Matawale, mwana wa mkulu wa mpingo wa CCAP. Iwo ndi a ku Kachulu, m'mbali mwa Chilwa, mwana wa msodzi. Koma kuno sitinkadziwana. Ine ndinkagwira ntchito kuphiri, kumadamu a nsomba zija ankaweta azungu m'madzi ozizira, ndipo alendo atayamba kuchepa ntchito inangozilala yokha, popanda wondiuza kuti ndachotsedwa. Mayi a kunyumba anali oyembekezera. Ndinagulitsa njinga, ndikukwera basi ya ku Joni.

M'basimo ndi mmene ndinakhala mpando umodzi ndi bambo wina woonda, wa kandevu, wovala kofiya yoyera. Titaoloka pa Mwanza ndinagula nyama yootcha pawindo, ndipo mwaulemu wa kwathu ndinawapatsako. Mawu awo oyamba kwa ine sanali moni ayi.

"Ndi nyama yanji?"

Ndinati sindikudziwa. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti dzina la mayi anga ndaliiwala. Kenako anatulutsa matemba okazinga m'kapepala, tinadya limodzi, ndipo pofika ku Tete tinali titagwirizana kuti kumene apite iwo ine ndikapita komweko. Anali ndi msuweni wawo ku Debeni amene anawalonjeza ntchito ya nsomba.

Ntchito ya nsombayo, abale inu, inali ku kasino. Nyumba ya juga! Ine mwana wa mkulu wa mpingo, iwo munthu wopemphera swala zisanu pa tsiku. Tinaima pakhomo tikuyang'anizana, makina akulira mkatimo ngati achule a m'dambo. Ine kunyumba ndinangowauza kuti ndapeza ntchito ku hotela. Che Yusufu anaganiza kanthawi, nati, "Ine sindinabwere kudzatchova. Nsomba ilibe mlandu."

Kuseri kwa makinawo kunali chipinda chodyera chachikulu ngati tchalitchi cha ku Chikamveka, ndipo kumeneko n'kumene kunali chimene ankachitcha bafeti. Munthu umalipira kamodzi pakhomo, basi, kenako umadya mpaka lamba adandaule. Tsiku loyamba ndinangoti kukamwa yasa! Tebulo lalitali kuyambira khoma ili mpaka khoma linalo, pamwamba pake phiri la ayezi, ndipo pa ayezipo pali zinthu zimene ine sindinkadziwa kuti Mulungu analenga. Nkhanu zazitali ngati mkono wa mwana. Nkhono zimene anthu ovala mataye ankameza zaziwisi atafinyira mandimu. Nsomba yathunthu imene ankainyamula anthu awiri. Ndiye panali tizilombo tina ta ndevu timene eni ake amati mapuronzi, koma ife tinkangoti ziwala, popeza n'zimene zimafanana nazo. Chiwala chimodzi chinkadzaza chikhatho changa. Ine amene ndinkadzitama kuti nsomba ndimazidziwa ndinangoima pambali ngati mkamwini watsopano.

Mkulu wa kukhitchini anali a Felenando, mdala wa ku Beira. Ankalankhula Chisena, ife Chichewa, n'kumamvana bwinobwino. Che Yusufu sanadikire kuti alembedwe kaye. Anangoti, "Bambo, ine ndigwira ntchito iliyonse, ngakhale kukolopa. Koma manja awa asakhudze nkhumba." Ine ndinati basi, ntchito yatha isanayambe. A Felenando anawagwira manjawo, anawatembenuza, anaona zipsera za mbedza ndi ukonde, nati, "Awa ndi manja a m'madzi. Khalani ku nsomba."

Ine anandiika pa ayezi, kutsegula nkhono ndi kuswa nkhanu. Che Yusufu anawapatsa chiwaya chapakati penipeni pa tebulo, chokazingira ziwala mu batala ndi adyo anthu akuona. Chiwayacho, chopanira chake ndi supuni yake anazimanga ulusi wobiriwira kuti wina asazitenge n'kukagwiritsa kwina. Ankazitsuka okha. Mukazikhudza popanda chifukwa, tsiku limenelo mudziwa kuti munthu wofatsa amakhalanso ndi mawu.

Ku Debeni kuli Amwenye achisilamu ambiri, onga omwewa a masitolo a m'tauni muno. Ena ankabwera ku kasinoko kudzangodya, makina osawayang'ana n'komwe. Pakhomo panalibe chikwangwani chonena kuti chakudya ndi halali, kutanthauza chololedwa kwa Msilamu. Koma akafika pa chiwaya, n'kuona dzina la Yusufu pachifuwa ndi kofiya kumutu, ankawerama n'kufunsa chapansipansi, "Halali?" Che Yusufu ankaloza kumapeto kwa tebulo kumene kunkakhala nyama pang'ono, n'kunena kuti uko sakudziwako. Kenako ankaika dzanja pachifuwa n'kuloza chiwaya chawo.

"Apa idyani."

Mawu amenewo ankawanena m'Chichewa, ndipo anthu aja anawaloweza. Mbiri inayenda m'mizikiti kuti ku kasino kuli m'bale wa ku Malawi, iye akati idyani, idyani. Ankabwera ndi akazi awo, ndi ana, ndi azigogo a pa njinga za olumala. Amene ankabwera kawirikawiri anali mayi Amina, gogo wamfupi wa magalasi amene anabadwira ku Limbe ndipo anali asanaiwale Chichewa cha m'sitolo. "Mwana wanga Yusufu, ziwala yabwino lero?" Che Yusufu n'kumwetulira mpaka m'makutu. Sindinaonepo munthu wonyadira ntchito ngati Che Yusufu masiku amenewo. Malipiro athu anali ofanana, koma iwo anali ndi kanthu kamene ine ndinalibe: anthu ankameza chakudya chifukwa cha mawu awo.

Tinkagona m'chipinda chimodzi ndi anyamata ena a ku Machinga ndi ku Mulanje, matiresi pansi, sitovu imodzi, zovala pa chingwe. Lamulo linali lakuti m'mapoto athu nkhumba isalowe. Ine chilakolako chikandigwira ndinkakadyera kapado wanga kutali, kuseri kwa siteji ya matakisi, n'kutsuka mkamwa, n'kutafuna chingamu. Ndikangolowa pakhomo, Che Yusufu osatukula n'komwe mutu: "Apongozi anu ali bwanji uko?" Apongoziwo ankanena nkhumba ija, chipinda chonse kuseka. Mwezi wa Ramazani ndinkawadikira kuti dzuwa lilowe tidyere limodzi, mbale imodzi, ngakhale kuti ine sindinkasala. Nditadwala chibayo chifukwa cha ayezi uja, ndi iwo amene anandibereka kumsana kutsika nane masitepe. Katundu wotumiza kumudzi tinkamanga mtolo umodzi n'kupatsa madalaivala a mabasi, mabulangete a ku Matawale pamodzi ndi maukonde a ku Kachulu.

Ndikanakonda ndikanakuuzani tsiku limene zinthu zinayamba kuonongeka, koma palibe tsiku lotero. Che Yusufu ndi amene anayamba kuona. Tsiku lina akuthira ziwala m'chiwaya anandiitana.

"Achimwene, taonani izi. Zadwala kapena?"

Zinali zitachepa. Osati kwambiri, koma chikhatho changa chimene chinkadzaza ndi chimodzi tsopano chinkalowa ziwiri. Ndinati mwina ndi nyengo. Anapukusa mutu. "Chilwa sauma tsiku limodzi. Umangoona kuti bwato lero waliimika patali pang'ono ndi pamene unaliimika dzulo."

Tinamva kuti kasino yagulidwa ndi anthu ena. Kunabwera mnyamata wa suti yothina amene maso ake sankachoka pa foni, moti tinamupatsa dzina lakuti Kafoni. Kafoni sankakalipa, sankatukwana. Ankangoyenda m'mbali mwa tebulo n'kumadinadina, ndipo sabata yotsatira kanthu kena kankasowa. Nkhanu zikuluzikulu zija anati zizituluka Lachisanu lokha. Kenako Lachisanu lomwelo munthu ankapatsidwa kakhadi pakhomo, kakhadi kamodzi theka la nkhanu. Theka! Kenako makhadi anatha, nkhanu n'kutha nawo. Nkhono zanga zinkabwera zotsegulatsegula m'mapaketi, zonunkha firiji. Mbale anasintha n'kubweretsa zing'onozing'ono ngati za ana a mkaka. Kumayambiriro kwa tebulo, kumene munthu wanjala amafikira, anaikako mpunga, tchipisi, mabanzi ndi makaroni, kuti pofika ku nsomba mbale ikhale itadzaza kale. Ndipo mtengo pakhomo? Unkakwera ngati kuti tawonjezera ng'ombe.

Chimene chinandiimitsa mutu ndi ayezi. M'mawa wina ndinapeza phiri langa lija alichotsa, aikapo timiyala ta pulasitiki tooneka ngati ayezi, pansi pake nyali ya buluu. Ndinatola kamodzi, kofunda! Ndinakaika m'thumba kuti ndidzaonetse anthu kumudzi, chifukwa ndinadziwa kuti pakamwa pokha sadzandikhulupirira.

Makasitomala nawo ankadabwa ngati ife. Ambiri anali anthu amene makina awadyera ndalama, ndipo ankabwera ku bafeti kudzabwezera ndi mimba. Tsopano ngakhale kubwezerako anawalanda. Mzungu wina wokalamba, wa ndodo, amene sankaphonya Lachisanu, anayenda tebulo lonse kupita n'kubwerera, n'kudzaima pamaso panga. "Nyanja yauma?" Tsiku lina kunabwera timitengo tofiira kunja, toyera mkati, tofanana ndi choko cha kusukulu, ndipo Kafoni analemba pakhadi kuti nkhanu. Mayi wina wa Chizulu anakatukula m'mwamba n'kundifunsa, "Nkhanu yakeyi miyendo inapita kuti?" A Felenando anatenga kamodzi, anakanunkhiza, anakaluma, n'kukalavulira m'manja. Anavula chipewa chawo chachitali chija, anachiika pa tebulo bwinobwino, n'kutuluka. Sitinawaonenso.

Ndiye nkhumba inayamba kuyenda. Kale inkakhala kumapeto kwenikweni, mbale imodzi ya soseji ya ana okana nsomba. Mbale ya nsomba ikachoka, malo ake ankatenga nthiti za nkhumba. Ina ikachoka, bekoni. Mwezi ndi mwezi inkasendera pakati pa tebulo pamene panali chiwaya cha Che Yusufu. Iwo ankaiona ikubwera. Panali mzati pafupi ndi chiwayacho, ndipo anapita kwa Kafoni, ine ndikumasulira, n'kunena kuti nkhumba isadutse mzati umenewo, ikadutsa iwo achoka. Kafoni anaseka, nati palibe vuto. Ankadziwa kuti mabanja aja amabwera chifukwa cha Yusufu.

Kuyambira pamenepo Che Yusufu anasanduka mlonda. Diso limodzi pa chiwaya, lina pa mzati. Kasitomala akatenga chopanira cha nthiti n'kuyandikira nacho ku ziwala, ankachigwira m'malere ngati mphamba. Ziwalazo tsopano zinali ngati bwannoni, zobwera zitauma gwa m'makatoni, zikalowa m'chiwaya n'kutulutsa madzi okhaokha. Iwo ankachita manyazi nazo. Akamapakulira mayi Amina ankayang'ana pansi. Koma dzanja linkapitabe pachifuwa. "Zachepa, mayi, koma apa idyani."

Batala naye anachepa. Poyamba ankabwera wosakaniza ndi majarini. Kenako m'mawa wina tinapeza pansi pa chiwaya ndowa yoyera ya pulasitiki, mkati mwake mafuta oundana, oyera mbee. Che Yusufu anagwada, chala chija chinayamba ulendo wake. Anazungulira ndowa yonse. Chithunzi cha nkhumba panalibe. Poko panalibe, bekoni panalibe, hamu panalibe, gamoni panalibe. Panali dzina la kampani, kulemera kwake, ndi liwu limodzi la zilembo zinayi. Anandiitana, popeza ine ndinafikako fomu thuu. Tinaliwerenga tonse awiri: ladi.

Ine ndinaimbapo kwaya ku Matawale, ndipo makolasi a Chingerezi aja timatchula Ambuye kuti Lodi. Ndinati, "Achimwene, kusiyana kwake n'chilembo chimodzi chokha. Awa ndi mafuta a Ambuye, atidalitsa!" Tinaseka mpaka misozi. Komabe iwo sanakhutire, anakafunsa Kafoni kuti ndi mafuta anji. Kafoni, maso pa foni, anati, "Mafuta ophikira. Batala wakwera mtengo." Che Yusufu ananunkhiza, nati fungo lake n'lachilendo. Koma masiku amenewo n'chiyani chimene fungo lake silinali lachilendo? Anathira adyo wambiri, n'kuyatsa moto.

Mafuta a Ambuye aja anatikomera. Ndowa ikatsala pang'ono kutha tinkaloledwa kukokota zotsalira, n'kupita nazo kuchipinda kukakazingira kabichi ndi mazira. Nyengo yozizira manja a Che Yusufu ankasweka ming'alu chifukwa cha madzi, ndipo ankadzola omwewo asanagone, n'kumati amafewetsa kuposa mafuta a kusitolo. Ramazani inabwera, anasala mwezi wonse, ndipo dzuwa likalowa ankamasula ndi chakudya chokazingira mafuta omwewo. Ine ndili pambali pawo, mbale imodzi.

Tsiku la Idi, masana, mayi Amina anabwera ndi mtundu wawo wonse. Ana awo, apongozi, zidzukulu zovala zoyera, matebulo atatu kulumikiza. Anadandaula pakhomo za mtengo, anadandaula za timitengo ta choko tija, koma anati poti mwana wawo Yusufu alipo, adya. Che Yusufu anawapakulira onse mmodzimmodzi, dzanja pachifuwa. Patapita kanthawi gogoyo anabwerera ku chiwaya atagwira dzanja kamdzukulu kawo kakakazi, ka zaka ngati zinayi, kali ndi chiwala m'manja.

"Mwana wanga, ziwala iyi kukoma kwina. Kale batala inali kumveka."

"Batala anasiya kalekale, mayi," anatero Che Yusufu, uku akutembenuza ziwala. "Masiku ano tikukazingira ladi."

Mbale inagwa. Sindidzaiwala kulira kwa mbale imeneyo pa matailosi. Mayi Amina anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Wati chiyani?"

"Ladi, mayi." Anawerama n'kutulutsa ndowa ija kuti awaonetse, mosabisa, ngati munthu woonetsa chiphaso chake.

Gogo uja anawerenga. "Yusufu. Iyi mafuta ya nkhumba."

Mayo ine! Ndinamva ngati wina wandithira ayezi yense wa zaka zija kumsana. Mayi Amina anagwada pansi, ukalamba wonse uja, anagwira kamwana kaja chibwano n'kukalowetsa chala mkamwa. Mwanayo anayamba kulira. Kumatebulo kuja anthu anaimirira, wina akulavulira m'kansalu, wina akuthamangira kubafa, mwamuna wina akukuwa m'Chingerezi. Che Yusufu anangoima, ndowa ili m'manja. Sanaiponye. Anaiika pansi pang'onopang'ono, kenako anatambasula manja awo onyezimira aja n'kumawayang'ana, kuseri ndi kutsogolo, ngati ndi a munthu wina. Ziwala zinapserera m'chiwaya, utsi n'kukwera, iwo osaona.

Kafoni anabwera, ndipo kwa nthawi yoyamba foni anaiika m'thumba. Anamvetsera mkwiyo wonse uja, n'kutambasula manja. "Ife sitinalembepo paliponse kuti halali. Onetseni chikwangwani." Ndipo ankanena zoona, abale. Chikwangwani panalibe. Chikwangwani chinali Che Yusufu.

Mayi Amina sanawakalipire. Bola akanawakalipira. Anangowayang'ana pamwamba pa magalasi, mwana ali m'manja, nati, "Iwe unati idyani."

Che Yusufu anamasula epuloni, anachotsa dzina pachifuwa, n'kutuluka. Ine ndinasiya nkhono zanga n'kuwatsatira, ntchito ithe ithe. Anaoloka msewu osayang'ana magalimoto mpaka kunyanja, pakati pa anthu osambira ndi ana omanga tinyumba ta mchenga. Anagwada m'madzi ndi thalauza lomwe, n'kuyamba kusamba m'manja monga chimanenera chipembedzo chawo munthu akakhudza nkhumba, kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Atamaliza anayambiranso. Anapala ndi mchenga mpaka ming'alu ija inatseguka, magazi n'kumatuluka. Ndinawagwira mapewa.

"Achimwene, basi! Simunadziwe. Tonse sitinadziwe."

"Manja ndasamba," anatero. "Nanga m'mimba mwa anthu aja ndikasambamo bwanji?"

Kuchipinda anataya mapoto onse, sitovu anaikwecha mpaka penti kuchoka. Anyamata a ku Machinga, Asilamu anzawo amene ankadya nawo kabichi uja, anakhala masiku osawalankhula. Kuntchito sanabwerereko, koma kasino sanaisiye. M'mawa uliwonse ankakaima panja pa geti, akaona munthu wa kofiya kapena mayi wofunda kumutu n'kumuthamangira. "Musadye! Ndinakuuzani kuti idyani, musadye!" Alonda anawathamangitsa, tsiku lina n'kuwamenya mbama. Atatero anayamba kuyenda m'mizikiti Lachisanu lililonse, lero uwu, sabata yamawa wina, kuima pakhomo pamene anthu amavalira nsapato, kufunafuna nkhope zimene anazipakulirapo. Ena ankawakhululukira, ena ankawatembenukira msana. Koma anthu a zaka zonse zija mungawapeze onse? Anaonda mpaka kofiya inayamba kukula. Tinasonkherana, n'kuwakweza basi ya kumudzi.

Ine ndinatsala, popeza ana anali pasukulu. Kafoni anandilandiranso, ndipo anandipatsa chiwaya chomwecho. Ulusi wobiriwira uja unali ukadali pa chopanira. Ndowa ija anaisintha mwakachetechete n'kubweretsa mafuta a m'botolo, koma mabanja aja sanabwerenso. Nkhumba inadutsa mzati sabata yomweyo. Pamene ndinkachoka, pa tebulo lonse lija za m'nyanja zinali zitatsala mbale ziwiri, timitengo ta choko ndi nsomba yokutira ufa imene mkati mwake munali ufa womwewo. Koma pakhomo nyali zinkalembabe kuti phwando la za m'nyanja, ndi chithunzi cha nkhanu yaikulu imene anyamata atsopano a kukhitchini anali asanaionepo ndi maso.

Nditafika kuno ndinadabwanso kachiwiri. Ndinatsika basi n'kuyang'ana kuphiri, ndinapeza lameta mpala mbali zina kumene ndinasiya nkhalango. Mwana amene ndinamusiya m'mimba anandipatsa moni wa alendo, atagwada patali. Mayi a kunyumba anali ataphunzira kuyendetsa zonse okha, moti ndikafunsa kumene kuli kapu ankandiyankha ngati ndine wa lendi. Ndinawaonetsa kamwala ka pulasitiki kaja, anakatembenuza, nati, "Zaka zonsezi mwatibweretsera ichi?" Zimenezo tinazikonza pang'onopang'ono, monga amachitira anthu.

Che Yusufu ndinawapeza mumsika waukulu, kumashedi a nsomba. Anali atakhala kuseri kwa benchi ya milamba yowamba ndi matemba, ndevu zitachita imvi. Tinakumbatirana mpaka amayi ogulitsa tomato anayamba kutiseka. Anandifunsa za apongozi anga aja, ndinati akadalipo, akupereka moni. Anandikhazika pa kreti, tikucheza.

Kunabwera mayi wina wooneka kuti ndi wa ku yunivesite ku Chirunga, kachikwama m'manja, makiyi a galimoto ku chala. Mabenchi onse anadzuka. "Ya lero iyi mayi! Yowamba dzulo, ndikulumbira!" Mayiyo anadutsa onsewo n'kudzaima pa benchi ya Che Yusufu, chifukwa milamba yawo inkaoneka yokha, yonenepa, yofiirira bwino.

"Bambo, milambayi ndi yabwino? Siyofumbwa mkati?"

"Thyolani umodzi muone nokha, mayi."

"Ndikufunsa inu eni ake."

"Nunkhizani. Mukaukonda tengani."

"Iii, koma bambo inu! Kungonena kuti ndi yabwino kukuvutani?"

Che Yusufu anayang'ana pansi. Mayi uja anadikira, kenako anagwedeza makiyi ake n'kupita pa benchi ya mnyamata wolumbira uja, n'kugula milamba yakuda ngati makala. Ine magazi anawira.

"Achimwene, mwapenga? Nsomba izi anawamba ndani?"

"Ndinawamba ndekha. Kugula ndinakagula ndekha ku Kachulu, zikuphiriphitha. Nkhuni ndinasankha ndekha."

"Ndiye simukudziwa kuti ndi zabwino?"

"Tsiku lija ndinkadziwanso."

Mayi wa pa benchi yoyandikana analowerera, nati ndi mmene amachitira tsiku lililonse, makasitomala amathawa, akazi awo alankhula mpaka atopa. Ndinawauza kuti ngakhale kwathu ku mpingo timadziwa kuti chimene munthu wachita mosadziwa Mulungu sawerengera. Ndinati kodi kwanu si chimodzimodzi?

"Ashehe anandiuza zomwezo," anatero. "Ndipo ndikukhulupirira. Mulungu anakhululuka kalekale. Koma anthu aja sanafunse Mulungu, achimwene. Anafunsa ine."

Anaingitsa ntchentche ndi kanthambi. Kenako anati, "Mukukumbukira chala cha gogo uja mkamwa mwa mwana? Inu munali kumbali. Ine ndinali kutsogolo, ndinaona. Chinatuluka chopanda kanthu. Anali atameza kale."

Iwo anasankha mlamba waukulu kuposa yonse, anauthyola pakati, mnofu woyera bwino, fungo la utsi wa nkhuni zabwino. Anauika pa pepala, anawaza kamchere, n'kuukankhira kwa ine. Munthu amene ndinadya naye mbale imodzi zaka zonse zija, amene anandibereka kumsana. Ndinaona dzanja lawo lanyamuka kulowera pachifuwa mwachizolowezi, n'kuima panjira, n'kubwerera pa bondo.

Ndinadikira mawu aja. Sanabwere. Ndinatenga mlambawo n'kudya.